Makilomita 20 pambali pa njinga: chakudya, chisamaliro ndi maphunziro a galu wopita ku mayeso a kupirira

Mu mayiko amene amaweta agalu a ntchito mwadongosolo muli mayeso ena osavuta kuwafotokoza koma ovuta kuwakonzekera. Mwini galu amakwera njinga ya kapalasa, galu amathamanga pambali pake ali pa chingwe, ndipo awiriwa ayenera kumaliza makilomita 20 galuyo osatsimphina, osavulala mapazi, osaoneka kuti wathedwa mphamvu. Ku Germany mayesowa amawatcha Ausdauerprüfung, mwachidule AD. Bungwe la SV, limene Max von Stephanitz analiyambitsa mu 1899 kuti liziyang'anira agalu a mtundu wa German Shepherd, ndilo linawatchukitsa, chifukwa linkafuna umboni woti galu amene akuloledwa kubereka ali ndi mtima, mapapo, mfundo ndi mapazi olimba, osati maonekedwe okha.

Malamulo a AD amanena kuti liwiro likhale la makilomita 12 mpaka 15 pa ola. Galu akathamanga makilomita 8 amapuma mphindi 15, akawonjezera 7 amapuma mphindi 20, ndipo akamaliza 5 otsalawo amapumanso mphindi 15 asanamuyese pang'ono ngati akumverabe mbuye wake. Pa nthawi yopuma iliyonse woweruza amayang'ana mapazi ndi mapumidwe a galu, ndipo amene wang'ambika phazi kapena watopa kwambiri amachotsedwa pomwepo. Galu ayenera kukhala atakwanitsa miyezi 16. Wamkazi amene ali ndi pakati kapena akuyamwitsa saloledwa. M'nyengo yotentha mayeso amachitika m'mamawa kapena madzulo okha, kutentha kusapose madigiri 22. Ku Australia kuli mayeso ofanana nawo otchedwa Endurance Test, a makilomita 20 omwewo koma ogawidwa 8, 6 ndi 6, pa liwiro la makilomita 10 pa ola, ndipo dokotala wa ziweto amapima galu asanayambe komanso pa nthawi zopuma.

Palibe mphoto ya amene wafika poyamba. Galu amangopambana kapena kulephera. Ndiye chimene chikuyesedwa kwenikweni ndi miyezi imene yadutsa: zimene galu wakhala akudya, ngati ali ndi magazi okwanira, ngati khungu la kumapazi linakhwima, ngati mwini wake amadziwa kumuwerenga. Ngakhale munthu amene sadzapita ku mayeso aliwonse, koma ali ndi galu wolondera kapena woyenda naye maulendo ataliatali, angapindule ndi dongosolo lomweli.

Galu wathanzi choyamba

Kuthamangitsa galu amene ali ndi njoka zam'mimba kapena matenda a nkhupakupa n'kumupha pang'onopang'ono. Kamwana ka galu kamalandira katemera wa parvo, distemper ndi matenda ena kali ndi masabata 6 mpaka 8, kenako kubwereza pakapita masabata atatu kapena anayi mpaka kafike masabata 16. Katemera wa chiwewe amayamba pa miyezi itatu, ndipo kuno kwathu ku Malawi, kumene chiwewe chikuphabe anthu, ndi wofunika kubwereza monga momwe a zaulimi ndi a chipatala cha ziweto amalangizira. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemerayu mwaulere kuyambira 2015. Mankhwala a njoka zam'mimba amaperekedwa pa miyezi itatu iliyonse kwa galu wamkulu.

Nkhupakupa ndizo mdani wamkulu wa galu wothamanga m'dera lino. Zimafalitsa tizilombo ta babesia timene timaswa maselo ofiira a magazi, komanso ta ehrlichia. Galu amene wayamba kudwala amatha kudya ndi kusewera pakhomo bwinobwino, koma akathamanga makilomita awiri amagwa ulesi chifukwa magazi ake sakunyamula mpweya wokwanira. Kwezani mlomo wake muone nkhama. Zikhale zofiirira bwino ndi zonyowa. Mukazisindikiza ndi chala n'kuchotsa, mtundu ubwerere pasanathe masekondi awiri. Nkhama zoyera kapena zachikasu, mkodzo wofiira ngati tiyi, ndi thupi lotentha ndi zizindikiro zoti galu apite kwa dokotala tsiku lomwelo.

Kunenepa nakonso kumalepheretsa agalu ambiri. Mukasisita m'mbali mwa chifuwa, nthiti zizimveka mosavuta popanda kukanikiza, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba, chiuno chizioneka cholowa mkati. Zikhadabo zikatalika zimakankha zala kuti zitambasuke, galu amasintha mapondedwe ndipo mfundo zimayamba kupweteka. Ngati zikhadabo zikumveka kuti khwakhwakhwa pa simenti, zakwana kuwenga. Kwa agalu akuluakulu monga German Shepherd, Rottweiler ndi Boerboel ndi bwino kujambula chiuno ndi zigongono pa X-ray maphunziro asanayambe, poti vuto la mfundo za m'chiuno zosakhala bwino limabisala mpaka galu atapanikizidwa.

Nyama yaiwisi: zimene anthu amalakwitsa

Kadyetsedwe ka zaziwisi kanafala kwambiri kuyambira m'ma 1990, pamene dokotala wa ziweto wa ku Australia, Ian Billinghurst, anayamba kulimbikitsa njira imene imadziwika kuti BARF: nyama, mafupa okhala ndi mnofu, zam'kati, masamba ndi zipatso pang'ono, zonse zosaphika. Ena amatsatira njira yotsanzira nyama yathunthu, imene amaiwerengera kuti 80, 10, 10. Pa magawo 100 a chakudya, 80 ndi mnofu, 10 ndi fupa lodyeka, 10 ndi zam'kati, ndipo theka la zam'katizo ndi chiwindi, theka linalo impso kapena kapamba. Mtima, nthutumba ndi chifu zimawerengedwa ngati mnofu.

Galu wamkulu amadya chakudya cholemera magawo 2 mpaka 3 pa 100 a thupi lake pa tsiku. Tiyerekeze galu wa makilogalamu 30 amene akudya magawo awiri ndi theka. Ndiye kuti pa tsiku akufunika magalamu 750: mnofu 600, fupa 75, chiwindi pafupifupi 35 kapena 40, ndi impso zofanana ndi chiwindicho. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa fupa la magalamu 75 silitanthauza makosi a nkhuku a magalamu 75. Khosi la nkhuku lili ndi fupa lopitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu, phiko ndi msana pafupifupi theka, mapazi a nkhuku kuposa theka. Kuti galu apeze fupa la magalamu 75 muyenera kumupatsa makosi a magalamu pafupifupi 200, ndipo mnofu wa 125 umene uli pa makosiwo muuchotse pa 600 uja. Popanda sikelo ya kukhitchini mawerengedwe amenewa ndi ongoganizira.

Fupalo likufunika chifukwa cha kashiamu, mchere wa m'thupi womanga mafupa. Mnofu uli ndi fosifolasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, pamene thupi la galu limafuna kashiamu wochulukirapo pang'ono kuposa fosifolasi. Galu akamadya mnofu wokhawokha, thupi limasungunula mafupa ake kuti lipeze kashiamu wa m'magazi. Kwa galu wamkulu vutoli limatenga miyezi kuti lioneke. Kwa kamwana limaoneka m'masabata ochepa: miyendo imapindika, kamatsimphina, mafupa amathyoka kakangodumpha pakhonde. Mwini wake amadabwa poti amakagulira nyama yabwino tsiku ndi tsiku. Ngati simukufuna kupereka mafupa, sambitsani zikamba za mazira, ziumitseni, zisinjeni zikhale ufa, ndipo muthire theka la supuni ya tiyi pa magalamu 500 aliwonse a mnofu. Koma kashiamu wochuluka nayenso amawononga mfundo za ana a agalu a mitundu ikuluikulu, n'chifukwa chake ife sitilimbikitsa kuti munthu wongoyamba kumene aphunzirire kusakaniza zaziwisi pa kamwana ka galu. Kumeneko kulakwitsa sikubwezeka.

Chimbudzi cha galu chimakuuzani ngati mwalinganiza bwino. Chikakhala choyera, chouma, chonyenyeka, ndipo galu akuchita kudzikakamiza, fupa lachuluka. Chikakhala chakuda ndi chamadzi, nthawi zambiri chiwindi chachuluka. Chiwindi chochuluka kwa nthawi yaitali chimadzaza vitamini A m'thupi mpaka mfundo kuuma.

Ndipo 80, 10, 10 payokha si chakudya chokwanira. Akachipima, kawirikawiri chimaperewera manganese, zinc, ayodini, mavitamini D ndi E, ndi mafuta a omega-3. Nsomba zamafuta kawiri pa sabata, dzira katatu pa sabata, chifu cha ng'ombe chosatsukitsitsa, ndi masamba ofutsa kapena dzungu lophika zimatseka mipata ina. Usipa wouma ndi wabwino malinga ngati sanauthire mchere wambiri. Nsomba zina zaziwisi zili ndi chinthu chimene chimawononga vitamini B1, choncho nsomba ndi bwino kuziphika. Anyezi, adyo wambiri, mphesa, chokoleti ndi zotsekemera za xylitol ndi poizoni kwa galu, ziwisi kapena zophika.

Pa mafupa pali malamulo awiri osakambirana. Fupa lophika kapena lootcha lisaperekedwe, chifukwa limauma n'kusweka m'tizidutswa takuthwa tobaya matumbo. Fupa la mwendo wa ng'ombe, ngakhale laliwisi, ndi lolimba kwambiri, ndipo limatha kuthyola dzino lalikulu lakumwamba limene galu amadulira nyama. Mafupa ofewa okutidwa ndi mnofu ndiwo oyenera, ndipo chidutswa chikhale chachikulu moti galu sangachimeze chathunthu. Galu wolusa pa chakudya mumukhalire pafupi mpaka amalize.

Tsopano nkhani ya tizilombo, imene okonda zaziwisi ambiri amaipeputsa. Nyama yaiwisi imanyamula salmonella, campylobacter, listeria ndi E. coli. Galu wathanzi nthawi zambiri sadwala nazo, koma amazitulutsa m'chimbudzi ndi m'malovu, ndipo amene amadwala ndi mwana wokwawa pabwalo, mayi woyembekezera, agogo, kapena munthu amene chitetezo chake cha m'thupi chatsika. Bungwe la madokotala a ziweto la ku America, AVMA, linanena mu 2012 kuti silikulimbikitsa kudyetsa ziweto za m'nyumba nyama yaiwisi pa chifukwa chimenechi. Fiiza sapha mabakiteriya, amangowagoneka. Chimene kuzizira kumapha ndi ana a nyongolotsi zina. Ku New Zealand lamulo limanena kuti nyama ya nkhosa kapena mbuzi iziphikidwa kapena kusungidwa pa madigiri 10 pansi pa ziro kwa masiku 10 isanaperekedwe kwa galu.

Nyongolotsi yoopsa kwambiri pa nkhaniyi ndi echinococcus. Galu amaitenga akadya chiwindi kapena mapapo a mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe okhala ndi timatumba tamadzi. Galuyo saoneka kudwala, koma mazira a nyongolotsiyo amatuluka m'chimbudzi chake, ndipo munthu akawameza amamera zotupa zamadzi m'chiwindi kapena m'mapapo zimene zimafuna opaleshoni. Chizolowezi choponyera agalu zam'kati zimene wophera mbuzi wazikana n'chimene chimazungulitsa matendawa. Zam'kati zosapimidwa ziwiritseni mphindi 30. Galu wodya zam'kati zaziwisi alandire mankhwala okhala ndi praziquantel pa masabata 4 mpaka 6 alionse, osati pa miyezi itatu. Nyama ya chiweto chofa chokha isaperekedwe, pakuti matenda a anthrax amagwira galu ndi wosenda yemwe. Nkhumba yaiwisi ndi nyama ya m'tchire nazonso zisiyeni.

Kumene magetsi amazimazima, zonsezi zimavuta kwambiri. Nyama imene yasungunuka n'kuumanso kangapo mabakiteriya ake amakhala atachulukana. Ngati mulibe fiiza yodalirika, gulani ya tsiku limodzi kapena phikani mnofu ndi zam'kati pang'ono, kashiamu mupereke wa zikamba za mazira. Palibe umboni wolimba wosonyeza kuti galu wodya zaziwisi amapirira kuposa wodya zophika zolinganizidwa bwino kapena chakudya chabwino cha m'matumba. Chofunika ndi zimene zili m'mbalemo. Ngati mwasankha zaziwisi, khalani ndi thabwa ndi mpeni wakewake, sungunulirani nyama mufiriji osati padzuwa, chotsani zotsala pakatha mphindi 20, ndipo tsukani mbale ndi sopo ndi madzi otentha nthawi zonse. Kusintha chakudya kuchitike pang'onopang'ono kwa sabata limodzi kapena awiri, ndipo kusachitike m'mwezi wa mayeso.

Mphamvu za ulendo wautali

Munthu wothamanga mtunda wautali amadalira zakudya za ufa. Galu amadalira mafuta. Minofu yake imawotcha mafuta mosavuta kuposa ya munthu, ndipo agalu okoka ngolo pa chipale chofewa ku Alaska amadyetsedwa chakudya chimene mphamvu zake zambiri zimachokera ku mafuta. Nsima ya mgaiwa imakhutitsa, koma galu wodya nsima ndi msuzi basi sapeza zomanga thupi zokwanira kukonza minofu ndi kupanga magazi. Ikhoza kukhala mbali ya chakudya, osakhala maziko ake.

Komabe makilomita 20 si ulendo wa ku Alaska, ndipo ambiri amadyetsa mopitirira. Galu wa makilogalamu 30 amagwiritsa ntchito ma calorie (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 1,400 mpaka 1,500 pa tsiku wamba. Kuthamanga kumawonjezera pafupifupi calorie imodzi pa kilogalamu iliyonse pa kilomita, ndiye makilomita 10 ndi ma calorie 300 okha. Kusiya khungu pa nkhuku, kusankha mnofu wonona pang'ono, kapena kukweza chakudya kufika pa magawo atatu pa 100 m'masabata a ntchito yambiri kumakwanira. Mafuta awonjezedwe pang'onopang'ono, chifukwa kuthira mafuta ambiri mwadzidzidzi kumatsegula m'mimba ndipo kungatupitse kapamba wa m'mimba amene amagaya mafuta. Thupi limatenga masabata 4 mpaka 6 kuti lizolowere.

Galu asathamange m'mimba muli modzaza. Agalu a chifuwa chakuya ali pa chiopsezo choti chifu chidzaze mpweya n'kupotokola, vuto limene limapha m'maola ochepa. Galu amayesa kusanza koma osatulutsa kanthu, mimba imatupa n'kulimba, amachucha dovu ndi kusowa mtendere. Pamenepo palibe mankhwala a pakhomo, ndi opaleshoni basi. Chakudya chachikulu chiperekedwe madzulo a dzulo lake, kapena patapita ola limodzi kapena awiri galu atamaliza kuthamanga ndi kupuma bwino. Madzi amafunika mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu pa tsiku, ndipo amachuluka pa tsiku la ntchito. Pa nthawi yopuma mupatseni pang'onopang'ono. Galu satuluka thukuta ngati munthu, choncho sataya mchere wambiri ndipo safunika thanzi ORS. Ngati akukana kumwa, thirani msuzi wa nyama wopanda mchere m'madziwo.

Maphunziro pa njinga

Mafupa a agalu akuluakulu amamaliza kukula pakati pa miyezi 12 ndi 18. Isanafike nthawiyo galu aziyenda, azisewera, azisambira, koma asathamangitsidwe mtunda wautali pa njinga. Akakhwima, masabata 10 mpaka 12 amakwanira galu amene anazolowera kale kuyenda tsiku ndi tsiku.

Sabata loyamba musakwere n'komwe. Kankhani njinga galu ali pambali, aphunzire kuti sadutsa kutsogolo kwa tayala, ndipo amve mawu atatu: loyambira, lochepetsera liwiro, loimira. Ku Germany galu amakhala kumanja kwa njinga chifukwa magalimoto amayenda kumanja, ndiye galuyo amakhala kutali ndi msewu. Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa magalimoto amayenda kumanzere, choncho malo otetezeka ndi kumanzere. Chingwe musachikulunge pa dzanja kapena kuchimanga pa handulo. Galu akaona mbuzi n'kukoka, mugwa nonse. Chigwireni momasuka, kapena gwiritsani ntchito kachitsulo kokhala ndi sipuling'i kamene kamamangidwa pansi pa chishalo. Kolala yothina pakhosi galu akakoka ndi yosayenera, ndipo chotseka pakamwa chimene chimamuletsa kuyasamula n'choopsa, poti galu amadziziziritsa ndi wefuwefu.

Mathamangidwe oyenera ndi a pakatikati, amene mwendo wakutsogolo wakumanzere umayenda limodzi ndi wakumbuyo wakumanja. Awa ndiwo amasunga mphamvu ndi kugawa katundu mofanana pa miyendo yonse inayi. Galu akayamba kujowa ngati akuthamangitsa kalulu, liwiro lanu lakwera. Akayamba kusuntha miyendo iwiri ya mbali imodzi pamodzi, thupi likugwedera uku ndi uku, ndiye kuti watopa, akumva kuwawa, kapena mukupalasa pang'onopang'ono kwambiri.

Yambani ndi makilomita 2 kapena 3, katatu pa sabata, tsiku lopuma likhale pakati. Wonjezerani kilomita imodzi kapena awiri pa sabata pa ulendo umodzi wokha wautali, ina iwiriyo ikhale yofupikirapo. Sabata lachinayi lililonse chepetsani mtunda ndi theka. Chifukwa chake n'chakuti mtima ndi mapapo zimalimba msanga, m'masabata ochepa, pamene mitsempha yolumikiza mafupa ndi khungu la kumapazi zimatenga nthawi yaitali. Galu amaoneka wamphamvu ndi wofuna kupitiriza pamene miyendo yake sinakonzeke, ndipo apa ndi pamene ambiri amavulala. Galu amene akutha makilomita 15 mosavutika, kuphatikizapo nthawi zopuma ngati za pa mayeso, adzatha 20. Ulendo wautali womaliza uchitike kutatsala masiku 10 mpaka 14, ndipo sabata lomaliza likhale la maulendo aafupi. Ulendo uliwonse uyambe ndi kutha ndi kuyenda wamba kwa mphindi 5 mpaka 10.

Mapazi amakhwima ndi kusinthasintha malo. Msewu wa fumbi ndi udzu ndiwo ukhale wochuluka, tala ndi miyala ing'onoing'ono zilowe pang'onopang'ono. Tala wokhayekha amapala khungu ngati sandipepa mpaka kufiira. Mukafika kunyumba yang'anani phazi lililonse, pakati pa zala pomwe, muchotse minga, nthanga za udzu ndi timiyala. Khungu likasupuka, galu apume mpaka lipole, nthawi zambiri sabata limodzi kapena awiri, ndipo poyambiranso mubwerere m'mbuyo pa mtunda.

Kutentha

Malire a madigiri 22 aja akutiuza zambiri ife a m'dera lotentha. M'miyezi ya October ndi November, malo ambiri amapyola malirewo dzuwa likangotuluka, ndipo ku Nsanje ndi Chikwawa kumafika madigiri 40. Nyengo yabwino yophunzitsira ndi May mpaka August, m'bandakucha. Nthawi ya mvula mpweya umakhala wa chinyontho ndipo wefuwefu saziziritsa bwino ngakhale kunja kukuoneka kwa mitambo. Ikani kuseri kwa dzanja pa tala kwa masekondi asanu. Ngati simungapirire, galu apsa mapazi.

Thupi la galu wathanzi limatentha madigiri 38 mpaka 39.2, ndipo akathamanga limakwera pang'ono n'kutsikanso akapuma. Likapyola 41 ziwalo zam'kati zimayamba kuwonongeka. Zizindikiro zoyamba ndi lilime lotuluka kwambiri, lotambalala ndi lopindika kunsonga, malovu okhuthala, kutsalira m'mbuyo kwa njinga, ndi kufunafuna mthunzi. Zikapitirira, nkhama zimafiira kwambiri, galu amadzandira, amasanza, amagwa. Galu wokonda mbuye wake amathamangabe mpaka kugwa, choncho udindo woima ndi wa amene ali pa njinga. Imani pa chizindikiro choyamba. Muikeni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse makamaka pamimba ndi m'mphechepeche, mumukupize, ndipo musamufunditse nsalu yonyowa chifukwa imasunga kutentha. Yambani kumuziziritsa musananyamuke kupita kwa dokotala, ndipo siyani kuthira madzi thupi likatsika kufika pa 39.5. Ngakhale aoneke kuti watsitsimuka, dokotala amuonebe, pakuti impso ndi magazi zimatha kuonetsa vuto patapita tsiku limodzi kapena awiri. Agalu a mphuno zazifupi monga Bulldog ndi Pug sapuma mokwanira kuti adziziziritse pa mtunda wotere, ndipo ntchito imeneyi si yawo.